Kachitidwe ka wudhu, kusamba kwa janaba ndi tayammum popanda kusiya malo ouma

Anthu ambiri amene wudhu wawo (kusambitsa ziwalo pokonzekera pemphero) umaperewera si kuti sadziwa ndondomeko yake. Adaiphunzira ali ana ndipo akhoza kuitchula pamtima. Chimawavuta ndi kufikitsa madzi m'malire mwa chiwalo: pamene tsitsi layambira, kunsonga kwa chigongono, kuchidendene, m'mipata ya zala. Madzi amathira ambiri ndithu, koma kachigawo kena ka khungu kamatsala kouma, munthu n'kukaima pa Swala (pemphero la Chisilamu) alibe twahara (kudziyeretsa kovomerezeka) iye osadziwa.

Umar bin Al-Khattab adasimba za munthu amene adachita wudhu n'kusiya malo ochepa ngati chikhadabo paphazi lake. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye (mwachidule s.a.w.), atamuona adamuuza kuti abwerere akakonze wudhu wakewo. Hadithiyi, kutanthauza nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki, adailandira Imam Muslim. Malangizo otsatirawa akulunjika pa timalo timeneti, pa wudhu, pa kusamba kwa janaba (kudetsedwa kobwera ndi kugonana kapena kutuluka umuna) ndi pa tayammum (kudziyeretsa ndi dothi).

Zoti mukhale nazo pafupi

- Madzi oyera: a mvula, a pachitsime, a mumtsinje, a m'nyanja kapena a pampope, malinga ngati mtundu, fungo kapena kakomedwe kake sikadasinthe chifukwa cha najisi (zonyansa monga mkodzo ndi chimbudzi). Madzi ochepa a m'ndowa akagweredwa najisi, otsatira Imam Shafi'i, mmodzi mwa maimamu anayi a malamulo a Chisilamu, amati asiyeni ngakhale akuoneka oyera.
- Kapu kapena chotungira china, ngati simukuchitira pampope.
- Mswaki wotsukira mano. Ndi sunna (chizolowezi cha Mtumiki), si chikakamizo.
- Chochotsera utoto wa zikhadabo, penti kapena guluu, ngati zili pakhungu.
- Malo oti madzi akagwa pansi asakuthovukireni ndi zonyansa.

Musadandaule ndi kuchepa kwa madzi. Anas bin Malik adanena kuti Mtumiki (s.a.w.) ankachita wudhu ndi muddi imodzi, ndipo ankasamba thupi lonse ndi mamuddi 4 mpaka 5. Muddi ndi muyeso wodzaza zikhatho ziwiri zophatikiza, ndipo sifika lita imodzi.

Ngati mwachokera kuchimbudzi

Yambani mwadziyeretsa kumaliseche ndi dzanja lamanzere. Madzi ndiye abwino koposa. Akasowa, pukutani ndi chinthu choyera ndi chouma, monga pepala kapena miyala, kosachepera katatu, mpaka pasatsale kanthu. Fupa ndi ndowe n'zoletsedwa.

Apa pali chenjezo lalikulu kwa abambo: musafulumire kudzuka mkodzo usanathe. Dikirani pang'ono madontho otsalira atuluke, kenako mutsuke. Ibn Abbas adasimba kuti Mtumiki (s.a.w.) adadutsa pa manda awiri nanena kuti eni ake akulangidwa, ndipo mmodzi mwa iwo chifukwa chake chinali kusadzisamala ku mkodzo. Koma ngati mwangotulutsa mpweya kapena mwangodzuka kutulo, kutsuka kumaliseche sikofunika. Pitani molunjika ku wudhu.

Masitepe a wudhu

Maziko ake ali mu Qur'an, Sura Al-Maida, ndime 6: kusambitsa nkhope, kusambitsa mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi kumutu ndi kusambitsa mapazi mpaka mu akakolo. Zinazo tidaziphunzira kwa Mtumiki (s.a.w.) kudzera mwa maswahaba (ophunzira ake) amene adamuona, monga Uthman bin Affan ndi Abdullah bin Zaid.

1. Tsimikizani niya (cholinga) mumtima. Dziwani kuti mukuchita wudhu kuti mudziyeretsere Swala, osati kungodziziziritsa. Malo a niya ndi mumtima. Kwa otsatira Imam Shafi'i, niyayo iyenera kukhalapo pamene madzi akuyamba kukhudza nkhope, choncho isakuthaweni pofika pamenepo.

2. Nenani Bismillah, musambe m'manja katatu mpaka m'mfundo za dzanja. Ngati mwangodzuka kutulo, musaviike dzanja m'ndowa musanalisambitse. Tungani ndi kapu, muthirire panja.

3. Chukuchani m'kamwa katatu. Madziwo ayende m'kamwa monse musanalavule. Kungowalowetsa n'kuwatulutsa si kuchukucha. Nthawi ya mswaki ndi yomweyi.

4. Kokerani madzi m'mphuno ndi dzanja lamanja, mumine ndi lamanzere, katatu. Ambiri amangonyowetsa nsonga ya mphuno. Madzi alowe ndithu ndi mpweya. Mukakhala kuti mukusala, kokani pang'ono kuti asapitirire kukhosi, monga Mtumiki (s.a.w.) adamulangizira Laqit bin Sabira.

5. Sambitsani nkhope katatu. Malire ake ndi awa: kuchokera pamene tsitsi limayambira pamphumi mpaka kunsi kwa chibwano, ndiponso kuchokera khutu ili mpaka khutu linalo. Wadazi awerengere pamene tsitsi limayambira mwachibadwa, osati pamene lafika tsopano. Pali kamalo kopanda tsitsi pakati pa khutu ndi ndevu za m'mbali. Kameneko ndi nkhope, ndipo ndi kamene kamatsala kawirikawiri chifukwa zikhatho zimathera pamasaya. Dutsitsanipo chala dala. Chotsaninso manthongo ouma m'mbali mwa maso. Ngati ndevu zanu ndi zapatalipatali moti khungu likuoneka, madzi afike pakhungupo. Ngati ndi zothithikana, sambitsani pamwamba pake, kenako mulowetsemo zala zonyowa. Alongo amene avala mpango aukankhire kumbuyo pang'ono, chifukwa mpango womangidwa bwino umabisa mphumi ya kumtunda ndi m'mbali mwa masaya.

6. Sambitsani mkono wamanja katatu, kenako wamanzere, kuyambira kunsonga za zala mpaka kupitirira chigongono. Sitepe iyi ndiyo ndikufuna muisamale koposa. Anthu ochuluka amayambira pamfundo ya dzanja kupita m'mwamba poganiza kuti zikhatho adasamba kale poyamba paja. Kusamba koyamba kuja ndi sunna. Kusambitsa kwa faradhi, kokakamizidwa, ndi kuno, pambuyo pa nkhope, ndipo dzanja lonse ndi zala zake zili m'kati mwa chiwalochi. Tungani madzi m'chikhatho, muimike mkono kuti atsetserekere kuchigongono, dzanja linalo lizitsatira likupaka kutsogolo ndi kuseri. Pindani mkono mugwire nsonga ya chigongono: khungu la pamenepo ndi lokhakhala ndi lamakwinya, madzi amangolilambalala. Mphete yothina isuntheni, wotchi muivule kapena muimasule. Malaya a manja aatali amene sakupindika kupitirira chigongono, ndi bwino kungowavula.

7. Pakani madzi kumutu. Nyowetsani manja ndi madzi atsopano, muyambire kumphumi kupita kunkhongo, n'kubwereranso pamene mudayambira. Uku ndi kupaka, si kuthira. Maimamu adasiyana pa muyeso wokakamizidwa: Imam Shafi'i adati gawo lililonse la mutu likwanira, Imam Abu Hanifa adati gawo limodzi mwa magawo anayi, pomwe Imam Malik ndi Imam Ahmad adati mutu wonse. Ine ndimalangiza kupaka mutu wonse, chifukwa mukatero mwakwaniritsa mawu a onse anayi ndipo sizitenga nthawi. Chinyezicho chikhudze tsitsi lanu lenileni kapena khungu la mutu, osati chipewa kapena wigi. Mayi safunika kumasula tsitsi loluka, koma apake la pamutu, osati nsonga zolendewera kumsana.

8. Pakani makutu. Zala zamkombaphala zizungulire m'kati, zala zazikulu zidutse kuseri.

9. Sambitsani phazi lamanja katatu, kenako lamanzere, pamodzi ndi akakolo. Abdullah bin Amr adasimba kuti pa ulendo wina nthawi ya Swala itatsala pang'ono kuwathera, maswahaba adachita wudhu mofulumira, ndipo Mtumiki (s.a.w.) adakweza mawu kuwachenjeza za chilango cha Moto pa zidendene zosiyidwa zouma. Kuika phazi pansi pa mpope sikokwanira, makamaka phazi louma kapena la ming'alu, pakuti madzi amatsetsereka osalowerera. Weramani mugwire phazilo ndi dzanja lamanzere. Pakani chidendene, mtsempha wa pamwamba pake, kunsi kwa phazi ndi mafupa awiri a akakolo. Lowetsani chala chaching'ono m'mipata yonse ya zala. Matope ouma amene amatirira achotseni kaye.

10. Malizani ndi shahada, mawu ochitira umboni chikhulupiriro. Nenani: Ash-hadu an laa ilaaha illallaahu wahdahuu laa shariika lah, wa ash-hadu anna Muhammadan abduhuu wa rasuuluh. Mu hadithi ya Imam Muslim muli lonjezo loti wochita wudhu mokwanira n'kunena mawuwa amatsegulidwira makomo 8 a Janna (Paradizo).

Musasinthanitse ndondomekoyi, ndipo musalekeze pakati mpaka chiwalo chimene mwasambitsa chiume musanapite ku chinzake. Kutsata ndondomeko ndi faradhi kwa Imam Shafi'i ndi Imam Ahmad, ndipo kulumikiza ndi faradhi kwa Imam Malik ndi Imam Ahmad.

Za katatu zija: chokakamizidwa ndi kamodzi kofikitsa madzi paliponse. Imam Bukhari adalandira kuti Mtumiki (s.a.w.) adachitapo kamodzikamodzi, kawirikawiri ndi katatukatatu. Madzi akachepa, sambitsani kamodzi mosamala. Kupyola katatu ndi kulakwitsa.

Zimene zimaononga wudhu

Pali zimene maulama (akatswiri a chipembedzo) onse amagwirizana: mkodzo, chimbudzi, mpweya, ndi timadzi tonanda totuluka munthu akakhala ndi chilakolako, totchedwa madhi. Timadzi timeneti sitifuna kusamba thupi lonse. Ali bin Abi Talib adatuma Miqdad kukafunsa Mtumiki (s.a.w.) za ito, ndipo yankho lidali lakuti atsuke kumaliseche n'kuchita wudhu. Wudhu umathanso ndi kukomoka, kuledzera, misala ndi tulo tofa nato. Kusinza muli chikhalire, matako atakhazikika pansi, sikuononga. Maswahaba ankadikira Swala ya usiku ya Isha mpaka mitu kumagwa ndi tulo, kenako n'kuswali osabwereza wudhu.

Zina maimamu adasiyana, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti musamanyoze m'bale amene akuchita mosiyana nanu. Kugwira maliseche ndi chikhatho popanda chotchinga kumaononga wudhu kwa Imam Shafi'i ndi Imam Ahmad, koma osati kwa Imam Abu Hanifa. Kukhudzana khungu pakati pa mwamuna ndi mkazi amene akhoza kukwatirana, ngakhale mkazi wake yemwe, kumaononga kwa Imam Shafi'i. Kwa Imam Malik ndi Imam Ahmad kumaononga pokhapokha pali chilakolako. Magazi oyenderera kuchokera pabala amaononga kwa Imam Abu Hanifa, koma kwa Imam Shafi'i ndi Imam Malik ayi. Gwirani njira imene mudaphunzira kwa shehe wanu, musamadumphedumphe kufuna chopepuka tsiku lililonse.

Nanga mukakayika? Ngati mukudziwa kuti mudachita wudhu koma simukutsimikiza ngati waonongeka, maulama ambiri amati wudhu ulipo. Munthu wina adadandaula kwa Mtumiki (s.a.w.) kuti amamva ngati watulutsa kanthu ali pa Swala, ndipo adauzidwa kuti asachoke mpaka atamva phokoso kapena fungo. Kubwerezabwereza wudhu chifukwa cha manong'onong'o a mumtima kumazunza munthu, ndipo kumakula mukamakumvera.

Amene ali ndi vuto losatha, monga mkodzo wodontha nthawi zonse kapena magazi a matenda opitirira masiku a msambo, asasiye Swala. Nthawi ya Swala ikalowa atsuke, aike kansalu kapena thewera lotchinga, achite wudhu n'kuswali nthawi yomweyo. Chotuluka pambuyo pake sichimuonongera Swalayo. Fatima bint Abi Hubaish adali ndi vuto la magazi otere ndipo adalamulidwa kupitiriza kuswali.

Kupaka pa khufu ndi sokosi

Khufu ndi sokosi zachikopa zobisa akakolo. Mukazivala muli ndi wudhu wokwanira, wosambitsa ndi mapazi omwe, simufunika kuzivula pa wudhu wotsatira. Nyowetsani dzanja mupake pamwamba pake kamodzi, kuchokera kuzala kupita kumwendo. Kupaka kunsi kokha sikukwanira. Malinga ndi hadithi ya Ali, wokhala pamudzi ali ndi usana umodzi ndi usiku wake, wapaulendo masiku 3 ndi usiku wake, ndipo maulama ambiri amayamba kuwerenga pamene wudhu waonongeka koyamba mutazivala. Mukazivula, kapena mukapezeka ndi janaba, chilolezocho chatha. Sokosi zansalu zokhuthala Imam Ahmad adaziloleza, koma ena adaika malamulo okhwima. Zopyapyala zoonetsa khungu, vulani musambitse mapazi.

Kusamba kwa janaba

Kusamba thupi lonse kumakakamizidwa mwamuna ndi mkazi akakhala malo amodzi ngakhale umuna usadatuluke, umuna ukatuluka, komanso msambo kapena magazi a uchembere akatha. Wolota amene wadzuka n'kupeza chinyezi asambe. Ngati sadapeze kanthu, palibe kusamba.

1. Tsimikizani niya yochotsa janaba, kapena msambo, mumtima. Kusamba kwa tsiku ndi tsiku kopanda niya sikulowa m'malo mwake kwa maimamu ambiri.
2. Nenani Bismillah, musambe m'manja.
3. Tsukani kumaliseche ndi dzanja lamanzere, kenako mulitsuke bwino dzanjalo.
4. Chitani wudhu wonse. Mapazi mukhoza kuwasiyira kumapeto ngati mwaima pamalo osayenda madzi. Musadumphe kuchukucha ndi kukokera madzi m'mphuno, chifukwa kwa Imam Abu Hanifa ndi Imam Ahmad n'zokakamizidwa pa kusambaku.
5. Lowetsani zala zonyowa m'tsitsi mpaka khungu la mutu linyowe, kenako thirani madzi pamutu katatu. Apa kupaka sikukwanira monga pa wudhu. Umm Salama adafunsa ngati amasule tsitsi lake loluka posamba janaba, ndipo adauzidwa kuti ayi, kuthira madzi pamutu katatu n'kusamba thupi kukwanira. Chachikulu ndi chakuti madzi afike m'mizu ya tsitsi. Ngati malukidwe ake kapena zomatira zikutchinga madzi, masulani.
6. Thirani mbali yamanja ya thupi, kenako yamanzere, mukudzipaka ndi dzanja. Malo obisika afikireni dala: m'khwapa, pamchombo, kuseri ndi m'makwinya a makutu, kunsi kwa chibwano, kunsi kwa mabere, m'mapindi a mimba, pakati pa matako, kuseri kwa mawondo ndi pakati pa msana. Ndolo zisuntheni.

Sopo si gawo la lamuloli. Mukhoza kumugwiritsa ntchito musanayambe kapena mutamaliza. Ndipo ngati simudachite choononga wudhu muli m'kati mosamba, tulukani mukaswali, palibe chifukwa chochitanso wudhu wina.

Tayammum: madzi akasowa kapena akakhala oopsa kwa inu

Chilolezochi chili mu ndime yomwe ija ya Al-Maida komanso mu Sura An-Nisa, ndime 43. Chimagwira ntchito mukafunafuna madzi n'kuwasowa, mukatsala ndi akumwa okha, kapena mukadwala moti madzi angakulitse matendawo. Amr bin Al-As adachitapo tayammum usiku wozizira koopsa ali ndi janaba, poopa kufa akasamba, ndipo Mtumiki (s.a.w.) sadamudzudzule. Koma ngati mungathe kutenthetsa madzi, kuzizira si chifukwa.

1. Tsimikizani niya, munene Bismillah. Vulani mphete.
2. Menyani zikhatho padothi loyera ndi louma, muuzire pang'ono kuti fumbi lochuluka lichoke.
3. Pakani nkhope yonse kamodzi.
4. Pakani manja. Mu hadithi ya Ammar bin Yasir, amene adagubuduka m'dothi thupi lonse poganiza kuti janaba imafuna zotero, Mtumiki (s.a.w.) adamuonetsa kumenya kamodzi n'kupaka nkhope ndi manja, ndipo Imam Ahmad adatsata zimenezi. Imam Shafi'i ndi Imam Abu Hanifa amati menyaninso kachiwiri, mupake mpaka m'zigongono.

Mutu ndi mapazi sizipakidwa. Kachitidwe kake ndi kamodzi, kaya mukulowetsa m'malo mwa wudhu kapena mwa kusamba. Imam Shafi'i amafuna dothi lokhala ndi fumbi, pomwe Imam Abu Hanifa ndi Imam Malik amalola mwala ndi mchenga. Tayammum imatha ndi chilichonse choononga wudhu, komanso madzi akapezeka. Pamenepo wa janaba uja ayenera kusamba.

Wovulala amene ali ndi bandeji kapena chikhakha asambitse mbali zabwinobwino za chiwalo, apake dzanja lonyowa pamwamba pa chomangiracho. Otsatira Imam Shafi'i amaonjezerapo tayammum.

Zolakwika zofala

*Zotchinga madzi.* Utoto wa zikhadabo, zikhadabo zomatira, penti, guluu, phula ndi zodzola zokhuthala zimene zimaundana pakhungu ziyenera kuchoka musanayambe. Hina, utoto wochokera ku masamba wopaka m'manja, alibe vuto, chifukwa amasiya mtundu wokha. Mafuta odzola amene alowerera m'khungu satchinganso. Amisiri ogwira penti ndi girisi ayang'ane m'mbali mwa zikhadabo ndi kuseri kwa mikono nthawi ya Swala isanathine.

*Kusokoneza najisi ndi kuonongeka kwa wudhu.* Mwana akakukodzerani, kapena mukaponda zonyansa, wudhu wanu ulipo. Tsukani malo okhudzidwawo ndi chovalacho, basi.

*Kubwereza wudhu pa zinthu zosaononga.* Kuwenga zikhadabo, kumeta tsitsi, kusintha zovala ndi kupukuta madzi ndi thaulo sizithetsa wudhu.

*Kusiya mpope ukuthamanga.* Tsegulani pang'ono, mutunge m'chikhatho. Wotunga m'chikhatho amakakamizika kupaka ndi dzanja, ndipo dzanja ndi limene limapeza malo ouma.

*Kuchedwetsa kusamba mpaka Swala kudutsa.* Kugona ndi janaba n'kololedwa, ndipo ndi sunna kuchita wudhu musanagone. Koma dzukani nthawi yoti musambe n'kupeza Swala ya m'bandakucha ya Fajr dzuwa lisanatuluke. Chimodzimodzi mayi amene msambo wake watha nthawi ya Swala ikadalipo: asambe aswali, asadikire mawa.

*Kuona malo ouma n'kungowanyalanyaza.* Mukawaona ziwalo zikadali zonyowa, sambitsani malowo, kenako mubwereze ziwalo zotsatira mwa ndondomeko yake. Ngati ndi pachigongono, ndiye kuti mupakenso mutu ndi kusambitsanso mapazi. Ngati papita nthawi mpaka thupi lauma, yambiraninso wudhu wonse. Ndipo ngati mwazindikira mutaswali kale, mwachitsanzo mwapeza penti youma imene mukutsimikiza kuti idalipo musanachite wudhu, ichotseni, muchitenso wudhu, mubwereze Swala imene mudaswali nayo.